Buku la Serafim Linatulukira M'chipewa

Paris, 2 Januwale 1924 (kalendala ya mpingo)

Achemwali anga okondedwa a Taisiya,

Moni wa chaka chatsopano, ngakhale kwanuko boma linakuyambitsirani chakachi kutatsala masiku khumi ndi atatu kuti mpingo uchiyambe. Muli bwanji? Bondo lija likukulolani kukwera masitepe? Ife tilipo, ine ndi mlamu wanu Glafira. Tikukhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya nyama ya akavalo. Buledi wa kuno ndi woyera mbee, koma ukadya njala imangokuyang'ana.

Lachitatu lililonse anzathu othamangitsidwa amadzaza chipinda chino, kukangana za Mulungu ndi za Russia mpaka tiyi kuzizira. Amanditcha mneneri. Koma mneneri wake uti wopanda buku? Zaka khumi ndi ziwiri ndinalemba Mthunzi wa Belu, masamba mazana asanu ndi limodzi, ndipo tsiku lija a boma anatikweza sitima ya pamadzi potithamangitsa ku Russia anandilola kutenga malaya awiri, koma pepala lolembedwa ayi, ngakhale limodzi. Phukusi lonse ndinalisiya m'manja mwanu, ndipo chichokereni ndikuyenda ngati munthu amene anasiya mutu kwawo.

Tsopano khomo latseguka. A Fedot, kondakitala wa sitima ya ku Riga amene amatibisira makalatawa, chipewa chawo chimakwana timakalata topyapyala basi, zimenezo mukuzidziwa. Koma ndapeza munthu wa ku Estonia, a Rebane, wogula zikopa, amene mabokosi awo satsegulidwa pamalire. Adzakhala pa siteshoni ya Pskov pa 4 Febuluwale, tsiku limodzi lokha, ndipo sadzabweranso chifukwa chilolezo chawo chikutha. Ndi aafupi, andevu zofiira, adzaima pa mpopi wa madzi otentha. Mukangowapatsa phukusilo, ntchito yatha.

Ndikudziwa mumati ndimalemba utsi. Utsi womwewo, achemwali, ndiwo moyo wanga wonse. Mundiuzeko za manda a atate, ngati mtanda udakali chiimire.

Mlongo wanu,
Serafim

*

Pskov, 19 Febuluwale 1924 (kalendala ya anthu amene ali ndi zochita)

Iwe Sima,

Moni ndikupatsa chifukwa mayi anatiphunzitsa ulemu, koma mtima wanga ukuwira. Bondo lilipo, mtanda wa atate ulipo, ndipo buku lako nalonso lilipo, pompano, pansi pa mbiya ya kabichi wamchere.

Wandevu zofiira wakoyo ali kuti? Dzana ndinalawirira ku siteshoni, phukusi nditalikulunga m'shawelo ngati khanda. Ndinaima pa mpopi tsiku lathunthu, chisanu cholowa mpaka m'mano. Ndevu zofiira ndinaonapo zitatu. Woyamba anali wamtali, wachiwiri anali ataledzera, wachitatu ndinamunong'oneza kuti, "Ndinu a zikopa?" Iye akuti, "Mayi, chikopa ndili nacho chimodzi chokha, ndipo ndachivala." Anthu kuseka! Ine, Taisiya Gavrilovna Ladozhina, mzamba amene ndinabadwitsa theka la tauni ino, kusekedwa pa mpopi ngati mtsikana wodikira chibwenzi. Msilikali wina anandizungulira kawiri, kenako n'kufunsa kuti, "Mwanayo salira bwanji, mayi?" Ndinati, "Ndi wa kubanja la ophunzira, amalirira m'kati."

Usayerekeze kunena kuti ndinalakwitsa tsiku. Ndikukudziwa kuyambira uli kumsana. Chisinthireni boma kalendala, iwe sunalembepo tsiku lawo ngakhale kamodzi. Umati anaba masiku khumi ndi atatu a Mulungu, ndipo iwe sulandira zakuba. Kalata yako yomweyi pamwamba walemba tsiku la mpingo. Tsono nditaona 4 Febuluwale ndinawonjezera khumi ndi atatu, monga ndimachitira ndi makalata ako onse, n'kupeza 17. Ndinawerenga ndi zala kawiri.

Mwina munthuyo anachita mantha. Mwinanso anakupusitsa, poti iwe kukupusitsa si ntchito. Yankha msanga.

Mchemwali wako,
Taisiya

*

Paris, Lolemba, 10 Malichi 1924 (kalendala ya boma)

Alamu anga okondedwa,

Muli bwanji ndi chisanu chimenecho? Ndikulemba ndine chifukwa achimwene anu agona choyang'ana kukhoma, lero ndi tsiku lachinayi.

A Rebane anafika, alamu. Anafika pa 4 Febuluwale ya kalendala ya boma. Anaima pa mpopi paja mpaka sitima yawo inaliza wezulo, ndipo atilembera mokwiya kuti anazizidwa pachabe. Tsikulo analitchula ndi iwo eni m'kapepala kawo, ndipo munthu wamalonda wa ku Estonia za kalendala ya mpingo wathu alibe nazo ntchito. Achimwene anuwa anangokopera nambalayo mmene inalili, mutu uli m'mitambo. Kamodzi kokha m'zaka zisanu ndi chimodzi kulemba tsiku la boma, n'kukhala pa kalata imeneyi! Akanangolembako kuti Lolemba, inu mukanatulukira.

Achimwene anuwa nditawaonetsa kapepalako, akuti, "Glasha, ichi ndi chizindikiro. Kumwamba sikukufuna kuti bukuli lituluke." Ine ndinati, "Chizindikiro chake n'chakuti mumatumiza makalata osandionetsa." Kunena ndikunena moseka, koma munthuyu akutha. Sakudya, ndipo Lachitatu lapitali alendo ndinawabwezera pakhomo. A Rebane sangabwerenso, ndipo wina wa mabokosi tilibe. Madzi akatayika saoleka. Ndikungopempha kuti mukamawalembera, mawu muwaziziritseko pang'ono.

Mlamu wanu,
Glafira

*

Pskov, 6 Epulo 1924

Sima, ndi iwe Glasha, moni nonse.

Pa 4 Febuluwale ndinali pakhomo tsiku lonse, ndikuchapa. Kuchokera pano kufika ku siteshoni ndi kaulendo koti tiyi sangazizire. Nditawerenga kalata ya Glasha ndinakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, kenako kuseka kunatha koma misozi inapitirira.

Dzuka, Sima. Ndili ndi mawu amene sindinafune kukuuza kuopa kuti ungatupe mutu. Tsiku lomwelo la pa 4 ndinatulutsa phukusi pansi pa mbiya, poti masamba ena anali atanyowa ndi madzi a kabichi. Ndinawayanika pa ng'anjo, ndipo poyanikapo maso anagwera pa mzere umodzi, kenako wina. Masiku khumi ndi atatu amene ndinkaganiza kuti ndikudikira munthu wako, ndinawerenga buku lonse. Theka sindinamve. Masamba makumi anayi a Aiguputo ndi mitembo yawo, ambuye! Koma nditafika paja ukunena kuti munthu amamva belu ngakhale nsanja yake sakuiona, ndi kuti chilichonse chooneka, buledi, chipale, nkhope ya mdani wako, ndi kulira kwa belu limene sitinalionepo, ndinaika pepala pansi. Zaka makumi atatu ndakhala ndikulandira ana m'manjamu, ndikumva chinthu chimene ndinalibe nacho mawu. Mawu ake anali pansi pa kabichi wanga. Ndipo walemba ndiwe, mwana amene ndinkakupukuta mamina. Atate akanakhala moyo akanaliwerenga patchalitchi, ndipo ine ndikunyadira, ndanena.

Tsono kaya kumwamba kukufuna kaya sikukufuna, ine ndikufuna. Chipewa cha a Fedot sichinyamula phukusi, koma chimanyamula timapepala topichirira fodya. Ndayesa kale. Ndi cholembera cha nsonga yopyapyala, tsamba lako limodzi likukwana pa kapepala kamodzi, uku ndi uku. A Fedot anayamba adandaula kuti mutu wawo si positi, koma mdzukulu wawo ndinamubadwitsa ndine, ndiye avomera timapepala khumi ndi tinayi pamwezi. Zitenga zaka pafupifupi zinayi. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Tsamba lililonse ukandiuza kuti lafika, lenilenilo ndiziliotcha, kuti m'nyumba muno muzichepa zondimangitsa.

Masamba oyamba ndi awa. Tumizani nsonga za cholembera, za kuno zimangopalasa ngati nkhuku.

Taisiya

*

Paris, 15 Ogasiti 1926 (ya mpingo, ya boma ndi 28, Loweruka, ndipo Glafira waona)

Achemwali,

Moni wa chikondwerero cha Amayi Maria. Maso anu ali bwanji? Timalemba tanu tikunka tikupendekeka, ndipo ndikuda nkhawa.

Tsamba la 391 lafika. Glafira amawerenga ndi galasi lokulitsa n'kumatayipa, ine ndimayenda uku ndi uku ngati bambo woyembekezera khanda. Magazini ya anzathu kuno yasindikizako mitu itatu, ndipo anyamata a kuseminale akukopera pamanja n'kumapatsirana. Wosindikiza mabuku wavomera kutulutsa lonse mutu womaliza ukangofika. Mkulu wina wa mpingo wati ndine wampatuko, wolemba ndakatulo wina wati ndine wansembe wobisala. Akamakukwiyira mbali zonse ziwiri ndiye kuti waponda pabwino.

Kanthu kamodzi. M'mphepete mwa tsamba la 212, pamene ndikufanizira kubadwa kwa mzimu ndi kubadwa kwa mwana, mwalembapo kuti, "Apa wanama, mwana satuluka choncho." Glafira anatsala pang'ono kutayipa zimenezo m'buku. Ndinakwiya, koma ndakonza.

Serafim

*

Pskov, 20 Novembala 1927

Sima, Glasha,

Ndili moyo, ndili kunyumba, tiyambire pamenepo.

Lachinayi m'mawa mkazi wina amene ndinamubadwitsa mapasa anandipeza pachitsime. Mwamuna wake amagwira ntchito kwa apolisi achinsinsi, aja osagogoda. Osandiyang'ana n'komwe, akuti, "Mayi Taisiya, lero musese bwino m'nyumba, kubwera alendo." Ndinasiya ndowa pomwepo. Chimene chinatsala ndi mutu womaliza wokha, masamba makumi awiri ndi awiri, ndisanakopere ngakhale limodzi. Ndinayang'ana pansi pa mbiya, ndinayang'ana kudenga, paliponse n'poti mwana angapeze. Ndinauponya m'ng'anjo, Sima. Ndinatereka msuzi pamwamba pake.

Anafika masana, amuna atatu. Anang'amba matiresi, anapisa manja m'kabichi wanga mpaka m'zigongono. Mmodzi anapeza timapepala ta fodya mtolo wathunthu, akuti, "Mumasuta, mayi?" Ndinati, "Ngati chumuni." Anandipatsa fodya wake. Ndinapichira pamaso pawo n'kusuta yense, ine wosakhudza fodya chibadwire, misozi ili chuchuchu, ndikuti ndi utsi wa m'ng'anjo. Anachoka chimanjamanja.

Mutu womaliza wapita. Sindikupepesa, chifukwa akanaupeza bwenzi a Fedot ali m'ndende limodzi ndi ine. Koma mtima ukundipweteka kuposa bondo. Mwini wake ndiwe, ulembenso.

Taisiya

*

Paris, 16 Januwale 1928

Alamu,

Tikuthokoza Mulungu kuti muli bwino. Tinayatsa kandulo kutchalitchi, wanu ndi wa mayi wa mapasa uja.

Koma kuno zavuta. Masabata asanu ndi awiri achimwene anu akhala patebulo, ndipo chimene chadzaza ndi dengu la zinyalala. Akuti munthu amene analemba mutu uja anali ataponda dothi la kwawo, uyu wa ku Paris ndi mlendo wongovala malaya ake. Wosindikiza wati adikira mpaka Pasaka, kupitirira apo mapepala apereka kwa wina, ndipo buku lopanda mathero salifuna. Zaka zinayi za maso anu zithere pamenepa?

Munauwerenga mutuwo. Ngati pali mizere ina imene inakutsalirani m'mutu, ngakhale khumi, tumizani. Mwina ingawadzutse.

Glafira

*

Pskov, 4 Malichi 1928

Moni nonse. Timapepala khumi ndi tisanu ndi tinayi ndi iti, a Fedot achita kuvala chipewa chotupa. Ndalemba zimene ndikukumbukira. Pamene kukumbukira kunathera, dzanja linapitirira lokha. Usandifunse zambiri, Sima, ndatopa ndipo mkazi wa wosula zitsulo nthawi yake yakwana.

T.

*

Paris, 20 Malichi 1928 (ya mpingo, ya boma ndi 2 Epulo)

Achemwali,

Masamba asanu oyamba ndi anga, liwu ndi liwu, mpaka ndinachita mantha ndi mutu wanu. Otsalawo si anga, ndipo mukudziwa.

Ine ndinamaliza ndi moto. Ndinalemba kuti belu lidzagwa kuchokera kumwamba n'kuphwanya onse amene analikana, dziko lidzapsa, otsala ochepa adzaimba paphulusa. Inu mwalemba za mzamba amene waitanidwa kunyumba ya munthu uja anakwera makwerero n'kugwetsa mtanda wa patchalitchi. Mkazi wake akuvutika tsiku lachiwiri, mwana akutuluka ali zii, wosapuma. Mzamba akumupumira m'kamwa. Mwana akulira, ndipo bamboyo akugwada pansi osadziwa kuti akugwadira yani. Mwamaliza pomwepo, osafotokoza kanthu.

Ndinakwiya masiku awiri. Ndinauza Glafira kuti mwandibera chiweruzo changa. Tsiku lachitatu ndinawerenganso ndekha, ndipo ndinaona kuti moto uja ndinaulemba chifukwa ndinali ndi mkwiyo, osati chifukwa ndinaona kanthu. Masamba mazana asanu ndi limodzi ndakhala ndikulonjeza owerenga kuti amva belu, ndipo lalira pa masamba anu.

Ndapereka kale kwa wosindikiza, osasintha ngakhale kadontho. Pachikuto palembedwa mayina awiri, S. Ladozhin ndi T. Ladozhina. Musakane.

Mlongo wanu wamng'ono,
Serafim

*

Pskov, 21 Epulo 1928

Sima, wapenga? Mabuku a ku Paris ukuganiza kuti aja osagogoda sawerenga? Amawerenga kuposa anzako a Lachitatu. Dzina langa likangooneka pachikutopo, sabata silitha ndili m'sitima ya akaidi yopita kumpoto, a Fedot pambuyo panga. Thamanga kwa wosindikizayo lero lomwe ukafufutitse. Usanditchule m'buku, usanditchule pamsonkhano, usanditchule ngakhale kwa wansembe wako. Glasha, m'perekeze, yekha akasochera.

Koma undilembere zimene anthu adzanene za mutuwo, liwu ndi liwu. Usadumphe zoipa.

T.

*

Paris, 2 Disembala 1928

Alamu anga,

Muli bwanji? Dzina linafufutidwa, ndinaimirira ndekha pamakina mpaka ndinaona. Buku latuluka, lachikuto chobiriwira, lolemera ngati njerwa. Kukutumizirani sitingathe, ndipo zimenezi zikundiwawa.

Lamulungu lapitali kunali kuwerenga pagulu m'holo ya kuseri kwa tchalitchi. Munadzaza, ena anaima m'mawindo. Akazembe a nkhondo akale amene tsopano amayendetsa matakisi, aphunzitsi, ansembe atatu, ndi mkulu uja anati achimwene anu ndi ampatuko, atakhala kutsogolo ndi nkhope ya maliro. Anawerenga mutu womaliza. Anafika paja mwana akulira. Kazembe wina wamkulu thupi analira mokweza ngati ng'ombe, ndipo mkulu wa nkhope ya maliro uja anavula magalasi n'kumawapukuta osamaliza. Mayi wina anafuula kuti, "Awa ndi athu, amene tinawasiya!"

Kenako achimwene anu anatseka buku n'kunena kuti, "Abale, kunama sindingathe. Mutu uwu sindinalembe ine. Analemba ndi mkazi amene sindiloledwa kumutchula dzina." Mtima wanga unalumpha, ndinati basi, watiphetsa. Koma mumawadziwa anthu athuwa. Pulofesa wina wokalamba anaimirira, n'kudzilemba chizindikiro cha mtanda, akuti, "Nzeru ya Mulungu yamuonekera! Mkazi wovala dzuwa wamugwira dzanja!" Holo yonse inaimirira. Pofika Lachitatu magazini awiri anali atayamba kukangana ngati anamuonekera m'maloto kapena ali maso.

Pobwerera ine ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa, koma achimwene anu analira m'sitima pamaso pa Afalansa. Akuti, "Ndinafuna adziwe kuti ndi munthu, Glasha. Ndinafuna adziwe kuti ndi wathu."

Zoipa munati tisadumphe. Wina walemba kuti masamba a Aiguputo ndi otalika.

Mlamu wanu,
Glafira

*

Pskov, 13 Januwale 1929

Sima, Glasha, moni.

Wa Aiguputoyo ali ndi nzeru, mum'patse moni.

Alekeni akhulupirire. Mkazi wawo wovala dzuwayo wavala malaya a malemu atate ndi nsapato za mphira, zala zinatupa ndi chisanu, ndipo maso ake tsopano ulusi m'singano amachita kulowetseredwa ndi aneba. Kalata yanu ndinaiwerenga kanayi ndisanaiotche. Paja kazembe akulira ndinawerenga kasanu. Usalire, Sima. Ana onse amene ndinabadwitsa palibe amene amayenda ndi dzina langa, koma ndikawaona mumsewu ndimadziwa, ndipo ndimayenda mutu uli m'mwamba.

Buku sindidzaligwira, ndavomera. Koma kuno mizere ya buledi yabwereranso, ija amakulemba nambala pachikhatho, ndipo munthu umaima maola atatu wopanda chochita. Ndiye ndimalinena chamumtima, kuyambira poyamba. Lachisanu ndinali nambala 86, ndipo zikuoneka kuti milomo inkayenda, chifukwa mayi wa nambala 87 anandigwira phewa, akuti, "Mayi, kwezaniko mawu, pemphero limenelo sindikulidziwa." Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kumunong'onezera tsamba lonse la belu losaoneka. Mzere unasuntha, iye osasuntha, mpaka a kumbuyo anayamba kutukwana.

Anandifunsa kuti, "Analemba ndani zimenezi?"

Ndikudziwa zimene ndinakulamula, ndipo lamulolo likadalipo kwa iwe. Koma ine ndinamuyang'ana m'maso mayi ameneyo, n'kunena kuti, "Ife. A kwa Ladozhin."

Mchemwali wako,
Taisiya